Usakwere Basi ya Mawa, Tadala

Montana, Lolemba masana

Mwana wanga Tadala,

Ine ndi malemu amayi ako Mulungu anatipatsa ana anayi, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anandichititsapo manyazi. Yohane anafika ku Joni kuno ali wonyamula njerwa, lero akumanga nyumba zosanjikizana muno m'Montana, anyamata ake amamutchula kuti kapitawo. Esinati anatsala ku Dedza, anaphunzira uphunzitsi, ndipo ana ambiri a kwathu amene akudziwa kuwerenga anadutsa m'manja mwake. Limbani amayendetsa thiraki mpaka ku Beira ndi ku Lusaka, sanagundepo ngakhale mbuzi. Ndiye iwe chitsiriza, unamaliza sukulu konkuno, uli ndi pepala la ntchito yosamalira okalamba, ndipo ndinamva kuti agogo achizungu aja unkawasamalira ku Faerie Glen ankakana kumwa mankhwala iwe ukakhala pa ofu. Ine sukulu ndinalekezera panjira, zaka zanga zathera m'maluwa a anthu, koma ndikamakutchulani mayina pagulu mutu wanga sumawerama.

Akulemba kalatayi ndi azakhali ako Anaphiri. Ine ndikuyankhula, iwo akulemba, ndipo ndawauza kuti asakonze mawu anga. Apempha kwa madamu awo kuti aweruke msanga, takhala pano pakhomo pa kachipinda kanga kuseli kwa galaja, ndipo madzulo ano abwera nayo okha ku Sunnyside kudzakupatsa m'manja. Dzulo titatuluka m'tchalitchi ndinakuitanira pambali. Unaima n'kundifunsa kuti, "Abambo, ndikakuperekereni moni kwa ndani kumudzi?" Ndinatchula amalume ako, ndinatchula Esinati. Sizimene ndinakuitanira. Pakamwa panandilemera, mpaka takisi yako inabwera.

Ndiye ndinena pano. Ndikudziwa za chotupa chimene anesi anapeza m'bere lako lakumanzere mwezi watha.

Azakhali ako aika cholembera pansi. Akuti, "Achimwene, mawu amenewo bambo sauza mwana wake wamkazi. Nenani kuti pachifuwa, amva." Ndawayankha kuti lembani bere. Mwambo ndikuudziwa, ndinakuliramo. Nkhani za thupi la mtsikana zimadutsa kwa azakhali ndi kwa alangizi, bambo amayang'ana kumbali. Koma ine ndinayang'anapo kumbali kamodzi, ndipo amene ndinawachitira ulemu umenewo agona ku Dedza.

Ndikudziwanso kuti kuchipatala chachikulu anakuunika ndi makina, ndipo anati ubwerenso Lachinayi likudzali kuti akatengeko kanyama pang'ono ndi singano, akapime aone ngati ndi khansa kapena ayi. Koma iwe wagula tikiti ya basi ya mawa Lachiwiri, ukuti ukukakonzekera chinkhoswe chako ndi Kondwani. Chinkhoswecho chili kumapeto kwa Disembala. Lero tikadali m'Novembala. Pempho langa ndi limodzi lokha, ndipo ndilibwereza mpaka utope nalo. Usakwere basi ya mawa. Lachinayi ukapezeke kuchipatala.

Azakhali ako usawakwiyire. Anakusungira chinsinsi masabata onsewa, ngakhale ine pondiona pa tchalitchi ankangoti zonse zili bwino. Andiuza Loweruka, ataona tikiti pathebulo pako, atakudandaulira iwe n'kuwayankha kuti, "Eish, azakhali, ndikaonera kumudzi." Lamulo la gulu lathu la Amalawi a kuno ukulidziwa, unalivomera tsiku limene unawasankha kukhala wokuperekeza. Woperekeza saulula kanthu, koma akaona kuti munthu wake akuthawa tsiku lachipatala, amauza wachibale mmodzi. Iwo asankha ine. Yohane sakudziwa, Limbani sakudziwa, Esinati sakudziwa. Kondwani sindinamuuze ndipo sindimuuza.

Ndiyambe ndi zimene ndinaona ndi maso anga n'kusafunsa. Amayi ako ankagona kuntchito ku Faerie Glen, kwa ine ankabwera Loweruka madzulo n'kubwerera Lamulungu. Ndinaona kuti poyanika zovala ayamba kukweza dzanja limodzi lokha. Ndinaona kuti pogona akugonera mbali imodzi, ndipo povala akutembenukira kukhoma, chinthu chimene sankachita kale. Ndinaganiza kuti ndi ukalamba, kapena ndi kusita zovala za anthu tsiku lonse. Ndinawagulira mapiritsi opha ululu ndi mafuta otikitira, n'kuwaikira pampando osanena kanthu. Iwo anati zikomo, osanenanso kanthu. Ndimaona ngati ndikuchita zaulemu. Pambuyo pake, zinthu zitaipa, anandiuza kuti kachotupako anakamva kalekale m'bere akusamba, kali ngati mtedza umodzi. Ndinati nanga bwanji simunanene? Anati, "Sikankapweteka, abambo a Yohane. Munthu angapite kuchipatala ndi chinthu chosapweteka?" Azakhali ako akuti nawenso ukunena zomwezo, kuti chako sichipweteka. Tadala, cha amayi ako chinayamba kupweteka nthawi itatha kale. Kusapweteka si umboni woti uli bwino. Lachinayi ukapezeke kuchipatala.

Cholakwa chachikulu chinali Disembala, ndipo ichi umvetsetse chifukwa ndi chimene ukufuna kuchita mawa. Ife a ku Joni chilichonse timachisungira Disembala. Dzino likamagwedera timati tikachotsa kumudzi. Mkangano wa malire a munda timati tikakamba Disembala. Denga lodontha, mwala wa pamanda, mwana wosamvera, zonse Disembala. Amayi ako atandiuza za chotupacho mitengo ya jakaranda inali isanachite maluwa, ndipo ndine amene ndinati, "Pirirani pang'ono, tikaonera kumudzi, kumene madokotala amamva chinenero chathu." Anapirira. Ndinasesa maluwa a jakaranda mpaka anatha, tinakwera basi, tinafika ku Dedza. Sabata yoyamba inathera kulandira alendo ndi kugawa katundu. Yachiwiri inathera kumunda ndi kumaliro a msuweni wanga. Kenako Khirisimasi. Tsiku limene tinapeza mpata tinapita pachipatala chaching'ono cha kwathu, anawaona n'kunena kuti izi n'zofunika ku Lilongwe. Ku Lilongwe anatipatsa tsiku, koma tsikulo linali kutsogolo, ndipo madamu anali akudikira amayi ako chaka chikangoyamba. Tinakweranso basi ndi chotupa chathu, chitakula. Disembala wa kumudzi ali ndi ntchito zake, mwana wanga, salola munthu kudwala.

Tsono iwe taganiza. Ukafika, alangizi akufuna akukhazike pansi. Telala akufuna akuyeze. A kwa Kondwani akufuna akuone, amalume ako akufuna kukambirana za chakudya ndi zoimbira. Ndi tsiku liti limene udzanene kuti lero ndikupita ku Lilongwe? Akadzakufunsa kuti kukatani, udzayankha chiyani pamaso pa apongozi ako? Udzati chinkhoswe chithe kaye. Chikadzatha udzati tikhazikike kaye m'nyumba. Kenako mwina mimba. Ndipo kumeneko udzayambira pachiyambi penipeni, kufotokoza, kuunikidwa, kudikira tsiku. Kuno zonsezo wadutsa kale. Dzina lako lalembedwa kale pa Lachinayi. Pali amayi ena m'gulu mwathu akudikirabe tsiku ngati limenelo. Usakwere basi ya mawa.

Titabwerera ndinachitanso china. Ndinatumiza uthenga kumudzi, ndipo mankhwala a zitsamba anabwera pa basi, atakulungidwa m'nyuzipepala mkati mwa thumba la ufa. Amayi ako ankapaka ndi kumwa. Khungu linasintha, linayamba kuoneka ngati khoko la lalanje, ine n'kumati ndiye kuti mankhwala akukoka matenda kunja. Tinapitanso kwa mlaliki wina amene ankapempherera odwala m'holo ya m'tauni, anatipatsa madzi m'botolo n'kunena kuti kupita kwa dokotala pambuyo pa pemphero ndi kukayikira Mulungu. Ine ndine mkulu wa mpingo, kupemphera sindinasiye ndipo sindidzasiya. Usiku uno ndikupempherera. Koma ndinaphunzira kuti munthu akhoza kupemphera atakhala pabenchi ya kuchipatala, Mulungu amamva ndithu. Ukafika kumudzi udzapeza anthu okukonda amene adzakupatse muzu uwu ndi tsamba ilo. Adzachita chifukwa cha chikondi, ndipo iwe udzachita manyazi kukana. Upite kumeneko ukudziwa kale chimene uli nacho.

Panalinso mantha a ntchito. Amayi ako ofu yawo inali Lamulungu, ndipo Lamulungu kiliniki imakhala yotseka. Ndikawauza kuti pemphani tsiku, ankati, "Mwaona atsikana amene amaima pageti m'mawa uliwonse kufunsa ntchito? Ndikangonena kuti ndikudwala, Lolemba mudzapeza wina atavala epuloni yanga." Ine sindinatsutse, chifukwa nanenso mantha omwewo ndinali nawo. Anagwira ntchito mpaka tsiku limene anagwa ali ndi dengu la zochapa m'manja. Ndiye tsiku limenelo ndi limene anapita kuchipatala, atanyamulidwa. Iwe ntchito wasiya kale, palibe madamu amene akukuwerengera masiku. Chimene amayi ako analibe, iwe uli nacho.

Kuchipatalako ndinachita cholakwa cha anthu osaphunzira. Dokotala anayankhula Chingerezi chothamanga, ine ndinangoti yesi, yesi, kuti asaone kuti sindikumva. Amayi ako ankayang'ana ine, poganiza kuti ndikumva. Titatuluka anandifunsa kuti ati chiyani, ndinati ati mumwe mankhwala. Chonsecho anati tibwerenso pa tsiku lakuti kuti ayambe chithandizo. Tinalumpha tsikulo. Anali Yohane amene anazindikira pambuyo pake. Iwe Chingerezi umachidziwa kuposa madamu ena, koma ndikuuza, munthu akamva mawu oti khansa makutu amatsekeka, kaya anaphunzira chotani. N'chifukwa chake sulowa wekha. Azakhali ako akalowa nawe, ndipo chimene sunamve ukafunsenso. Ufunse kawiri, katatu, asakuchititse manyazi.

Masiku otsiriza amayi ako unawaona wekha, unali kale mtsikana wamkulu, sindikufuna kukubwezera kumeneko. Ndingokukumbutsa chimodzi. Dokotala wina wachizimayi anatiuza kuti popeza amayi adwala matendawa, ana awo aakazi azipimidwa msanga, asadikire ukalamba. Amayi ako anandigwira mkono n'kunena kuti, "Mwamva? Apa musanene yesi chabe." Esinati amapita kukapimitsa, amandiuza pa foni ndikamufunsa. Iwe unapita mwezi watha, ndipo ndinanyadira kukuona pamzere ndi anzako. Wayamba bwino. Watsala ndi khomo limodzi.

Gulu lathu lija unalipeza likuyenda kale, mwina sudziwa mmene linasinthira. Poyamba linali la maliro basi. Amalawi a ku Sunnyside, a ku Montana, a ku Faerie Glen, Akhristu ndi Asilamu, tinkasonkha kuti munthu akamwalira thupi lake lipite kumudzi. Ntchito imeneyo tinkaidziwa bwino kwambiri. Titabwerako koika amayi ako, pamsonkhano wapamwezi wapampando anaimirira n'kuyamikira kuti thupi la Anabanda, amayi akowo, linayenda bwino, mapepala sanavute, pamalire sitinachedwe. Anthu anaomba m'manja. Ine sindinaombe nawo. Ndinaimirira, chipewa chili m'manja, ndinati, "Zikomo, munandinyamulira mkazi wanga mwaulemu. Koma taonani, anthu onsewa tinatha kumufikitsa ku Dedza atafa, pamene ali moyo panalibe ndi mmodzi yemwe womufikitsa pa kiliniki ya apa, ngakhale ine mwamuna wake. Anafa ndi khansa ya m'bere."

Wapampando anati, "Aphiri, pepani, pano pali amayi ndi ana, mawu ena tiziwasankha." Amuna ena anayang'ana pansi. Ndiye anayankha ndi Mayi Asiyatu, a ku Mangochi aja amene amagulitsa zitenje ndi usipa pakona ya fulati yanu. Sanaimirire n'komwe. Anati, "Apampando, mabere ake ndi athu, ife sitikudandaula. Inu mukuchita manyazi ndi chiyani, simunayamwe?" Anthu anaseka, ndipo kusekako ndi kumene kunatsegula pakamwa. Tsiku limenelo amayi anayankhula mpaka dzuwa kupendeka. Wina anati ali ndi mchemwali wake amene nsonga ya bere ikutuluka magazi. Wina anati iye ali ndi chotupa m'khwapa koma akuopa kufunsidwa mapepala. Wina anati sangavule pamaso pa dokotala wamwamuna. Zonsezo zinali pakati pathu nthawi yonseyo, ife tikukambirana za mabokosi.

Kuchokera pamenepo tinagwirizana zinthu zimene ukuziona lerozi. Mayi aliyense ali ndi womuperekeza, palibe wopita kuchipatala yekha. Amene ali pantchito ya m'nyumba, tsiku lake lachipatala mnzake amene ali pa ofu amakamugwirira, kuti madamu asapeze mbale zili m'sinki n'kuyamba kuyang'ana kugeti. Azakhali akowa agwirirapo anthu ambiri, nyumba za ku Faerie Glen amazidziwa ngati zawo. Ndipo chaka chilichonse jakaranda akachita maluwa timapempha anesi achizimayi kuti abwere Loweruka m'holo ya tchalitchi, adzaphunzitse amayi kudzipima okha ndi kuona amene akufuna kuonedwa. Amayi Achisilamu amabwera chifukwa amadziwa kuti mkatimo mulibe mwamuna. Ife amuna timakhala panja, kuyang'anira ana ndi kuwotcha nyama. Ine malo anga ndi pageti, nditabaya pajekete kansalu kapinki, chizindikiro cha khansa ya m'bere. Anyamata a ku Sunnyside amanditchula kuti Agogo Apinki. Ndimawauza kuti sekani, koma anesi anati ngakhale mwamuna akhoza kudwala matenda omwewa, ndiye mukasamba muzidzigwiragwira.

Tsono mwana wa Agogo Apinki ndi amene athawe tsiku lake? Sindikunena izi chifukwa cha ulemu wanga, ulemu ndilibe nawo ntchito. Ndikunena chifukwa ndaima pageti paja zaka zonsezi, ndaona amene analowa ndi mmene zinawathera.

Mayi Asiyatu omwewo chaka choyamba anawapeza nacho. Iwo eni sankadziwa, anangolowa kuti alimbitse mtima anzawo. Kanali kakang'ono. Anakachotsa, anayenda kuchipatala miyezi ingapo, tsitsi linathothoka n'kumeranso. Lero ali pakona paja, ndipo ndikamadutsa amandikuwira kuti, "Aphiri, bokosi langa muliuze lidikire, ndili ndi makasitomala!" Mayi Jere a m'kwaya anawachotsa bere lonse. Analira, inde, koma chaka chatha anavina pa ukwati wa mwana wawo. Giresi, mnzako uja wa m'saluni, anamubaya singano yomweyo ndipo anapeza kuti si khansa, anangomuuza kuti azibwera kudzaonedwa. Anesi amanena chaka chilichonse kuti zotupa zambiri za atsikana a msinkhu wako sizikhala khansa. Mwina chakonso n'chotero. Ine ndikukhulupirira kuti n'chotero. Koma sindinganame, tinatayanso mayi wina wa ku Machinga amene anabwera mochedwa ngati amayi ako, ndipo thupi lake tinalitumiza mwaulemu, monga tidziwira. Kusiyana kwa anthu amenewa si mapemphero, onse ankapemphera. Kusiyana kwake ndi nthawi imene anafikira kuchipatala.

Azakhali ako andiuza kuti ukuopa singano, akuti unamva kuti chotupa akachiboola chimafalikira thupi lonse. Nkhani imeneyo nanenso ndinaimva, ndipo ndinawafunsa anesi pamaso pa anthu. Nesi wina Msotho wamkulu thupi, amene amuna amawatchula kuti Ntate m'chinenero chawo, anandiyankha kuti, "Ntate, singano sifalitsa matenda. Anthu amabwera matenda atafalikira kale, ndiye amanamizira singano." Amayamba abaya mankhwala oti pamalopo pachite dzanzi. Giresi anatuluka akuyenda yekha, anakwera takisi. Mufunse usiku uno ngati ukufuna, nambala yake uli nayo.

Koma ndikudziwa kuti mantha ako enieni si singano. Ndi Kondwani ndi abale ake. Ukuopa kuti akamva adzati kubanja kumeneko kuli matenda, mayi anafa nawo, mwananso wayamba. Ukuopa kuti akadzakuchotsa bere mnyamatayo adzakusiya. Ukufuna chinkhoswe chichitike kaye, ukalowe m'nyumba, zinazo zidzaoneke pambuyo. Mwana wanga, ine Kondwani ndinamuona kamodzi kokha, pamene anabwera kudzationa chaka chatha. Anakonza magetsi a m'chipinda muno osauzidwa, anadya chimene tinamupatsa, anandiyang'ana m'maso poyankhula. Mtima wake wonse sindikuudziwa. Iwe ndi amene ukuudziwa, ndipo ngati sukuudziwa, ino ndi nthawi yoti uudziwe. Muimbire foni, umuuze wekha ndi pakamwa pako kuti wachedwa chifukwa chakuti. Akanena kuti khala konko upimidwe, ndikudikira, ndiye kuti wapeza mwamuna. Akayamba kuzemba, ulira, ndipo ife tilira nawe, koma ndi bwino kulira uli pakati pa abale ako kusiyana ndi kudzalira wekha m'nyumba ya eni, ukudwala, ukubisa. Ndinaona mkazi akubisa matenda m'nyumba mwake momwe. Sindikufuna kuti iwe uyambe banja ukuvalira kukhoma.

Za abale ake usadere nkhawa. Wina akadzanena kuti kwa Aphiri kuli matenda, adzabwere kwa ine, ndidzamuyankha ndine. Ndidzamuuza kuti inde, ndipo kwa Aphiri amapita kuchipatala. Amalume ako ndi ankhoswe ndiyankhula nawo ndekha za kuchedwa kwako, ndingowauza kuti bambo ake amugwira kaye. Akwiye ndi ine, ndazolowera.

Zotsatira zikadzakhala zabwino, udzakwera basi nthawi ikadalipo yokwanira telala ndi alangizi, ndipo ndidzavina pa chinkhoswe chako mpaka mawondo adzakane. Zikadzakhala zoipa, chithandizo udzayambira konkuno msanga, ndipo chinkhoswe chidzadikira. Tsiku la chinkhoswe limasunthika, ndaona ambiri akulisuntha chifukwa cha mvula chabe. Chotupa sichidikira munthu.

Ndipo ukadzakhazikika ku Lilongwe kwa Kondwani, izi usadzazisiye ku Joni. Mwezi uliwonse uzidzipima monga anakuphunzitsira anesi, mpaka m'khwapa. Kondwani umuphunzitse kufunsa. Umuuze kuti mwamuna akaona mkazi wake akuyanika zovala ndi dzanja limodzi, asathamangire kugula mapiritsi, afunse. Kumpingo kumene udzalowe udzapeza amayi ali ndi gulu la maliro, chifukwa kulikonse lilipo. Udzawauze zimene anachita amayi a kuno. Udzapeze wokuperekeza, nawenso udzaperekeze wina. Ukadzabereka mwana wamkazi, udzamuuze chimene chinatenga agogo ake, ndi dzina lake lenileni la matendawo. Malangizo ena a banja akupatsa alangizi, iwo amadziwa kuposa ine. Anga ndi amenewa.

Tsono mvera mmene zinthu zilili. Ndamuimbira Limbani m'mawa uno, ndamufunsa ngati tikiti ya basi imasinthika. Wati imasinthika, amadziwana ndi anthu a mabasiwo, ndipo akhoza kukusungira mpando wa pakati pa Disembala ngakhale mabasi amadzaza. Koma wati uyenera kumuuza basi ya mawa isananyamuke, ikangonyamuka tikiti yapita. Anandifunsa kuti, "Abambo, kwagwanji?" Ndinati usafunse zambiri, ndikufuna mwana wanga akhale nane pang'ono. Sanafunsenso. Ndiye ukamaliza kuwerenga kalatayi, azakhali ako akhala pompo pampando. Utenge foni umuimbire mchimwene wako iwo akuona.

Lachinayi ndapempha tsiku kwa bwana wanga. Anadabwa, chifukwa sindinapemphepo tsiku pakati pa sabata chimwalirire amayi ako. Ndidzafika pa fulati panu m'mawa, tidzakwera takisi tonse atatu ndi azakhali ako. M'chipinda cha dokotala sindidzalowa, pamenepo mwambo ndiusunga, adzalowa ndi azakhali ako. Ine ndidzakhala pabenchi panja ndi chipewa changa mpaka utuluke.

Ukasankha kukwera basi mawa, sindingakumange, ndiwe munthu wamkulu. Ndidzabwera ku siteshoni, ndidzakunyamulira chikwama, sindidzakukalipira pamaso pa anthu. Koma udziwe kuti ndidzakhala ndikuyang'ana basi imeneyo monga ndinayang'anira ija tinakwera ndi amayi ako, ndipo nthawi ino ndikudziwa kumene imapita. Azakhali ako akulira, akuti ndisiye pamenepa. Ndatsala pang'ono.

Paja unadandaula kuti ukuchoka ku Joni popanda kutsanzikana bwino ndi abale. Ndakonza. Kuchipatala anauza azakhali ako kuti zotsatira zimatenga masabata angapo, ndiye ndaika tsiku limene zidzakhale zitatuluka. Lamulungu lachiwiri la mwezi wa Disembala, tikangotuluka m'tchalitchi, tonse tidzakumana kwa Yohane kuno ku Montana. Limbani wati adzakhala atabwerako ku Beira. Esinati tidzamuika pa foni. Ndaitana Mayi Asiyatu, Mayi Jere ndi Giresi, ndipo mkazi wa Yohane wayamba kale kufunsa za nkhuku. Chimene adokotala adzanene, chabwino kapena choipa, udzatiuza ngati udzafuna, ndipo tidzachimva tili pamodzi, titakhala pansi, tikudya.

Onsewo ndawauza kuti mwini wake wa tsikulo adzakhalapo. Ana anga sindinawanamizepo, Tadala. Usandiyambitse bodza ndili nkhalamba.

Ndine bambo ako,
Aphiri